Kalondolondo wa mankhwala: kuwerenga khodi ya pa kabokosi ndi kusunga kaundula wosanama

Tengani kabokosi ka mankhwala kamene kafika posachedwa, mukatembenuze. Pafupi ndi nambala ya batchi ndi tsiku lothera mphamvu, timabokosi tambiri masiku ano tili ndi kachizindikiro ka ngodya zinayi, ka timadontho takuda ndi toyera, kukula kwake ngati chikhadabo. Ambiri amangokatchula kuti QR, chikhalirecho nthawi zambiri si QR. Dzina lake ndi GS1 DataMatrix, ndipo kusiyanitsa kwake n'kosavuta. QR ili ndi timabokosi titatu toonekera bwino m'ngodya zake. DataMatrix ili ndi mzere wakuda wosadukiza kumanzere ndi m'munsi, wooneka ngati chilembo L, pomwe mbali ziwiri zotsalazo zili ndi timadontho todumphadumpha.

M'kachizindikiro kameneka muli nambala ya seriyo, yomwe ndi ya kabokosi kamodzi kokhako. Batchi ili ngati mfunda: a Phiri alipo ankhaninkhani, ndipo timabokosi zikwi makumimakumi tikhoza kukhala ndi batchi imodzi. Seriyo ili ngati nambala ya pa chiphaso cha unzika. Kupereka nambala yotere ku kabokosi kalikonse ndiko amakutcha serialization, ndipo kulemba malo onse amene kabokosiko kadutsa, kuchokera ku fakitale mpaka pawindo la famase, ndiye kalondolondo amene tikukamba pano.

Chimodzi chimveke kuyambira pachiyambi. Nambalayo payokha siteteza wodwala. Aliyense amene ali ndi makina osindikizira abwino akhoza kukopera khodi yeniyeni n'kuyimata pa timabokosi ta mankhwala achinyengo chikwi chimodzi, ndipo sikana yanu idzalira bwinobwino pa kalikonse. Chimene chimagwira wachinyengo ndi kaundula, pomwe nambala imodzi yaonekera malo awiri, kapena yabweranso pamene inalembedwa kale kuti inaperekedwa kwa wodwala. Choncho ntchito yonse yagona pa kuonetsetsa kuti zimene zili mu kompyuta zikufanana ndi zimene zili pa shelefu.

Zimene zalembedwa mu khodi

Khodi ya pa mankhwala imanyamula zinthu zinayi, ndipo chilichonse chimayamba ndi manambala awiri osonyeza kuti chotsatiracho n'chiyani. Nambala 01 imatsogolera GTIN, imene imatchula mtundu wa mankhwala, mphamvu yake, kuchuluka kwake mu paketi ndi kampani yake. Imakhala ya manambala 14 nthawi zonse. Nambala 17 imatsogolera tsiku lothera mphamvu, manambala 6, kuyamba ndi chaka, kenako mwezi, kenako tsiku. Nambala 10 imatsogolera batchi, ndipo 21 imatsogolera seriyo. Ziwiri zomalizazi zimatha kukhala zilembo ndi manambala osakaniza, osapitirira 20, ndipo kutalika kwake sikokhazikika. Makampani ena amawonjezera 11, tsiku lopangidwa.

Nachi chitsanzo chongophunzirira, monga zimalembedwera pambali pa khodi kuti munthu awerenge ndi maso:

(01) 09506000134352 (17) 271130 (10) AB2317 (21) 7K4M9P2X6T

Tsiku la apa ndi 30 November 2027, osati 27 November 2030. Kulakwitsa kumeneku kumachitika kawirikawiri anthu akamalemba pamanja, ndipo kumawonjezera zaka zitatu pa moyo wa mankhwala. Mukapeza tsiku lothera ndi 00, monga 271100, tanthauzo lake ndi tsiku lomaliza la mweziwo. Kuyambira pa 1 January 2025 malamulo a GS1, bungwe lokhazikitsa miyezo ya makhodi amenewa, salolanso 00 pa mankhwala, koma katundu wosindikizidwa kale akadali m'nkhokwe, ndiye pulogalamu yanu iyenera kumuzindikira m'malo momukana kapena kumuwerenga ngati tsiku loyamba la mwezi.

Mabulaketi mukuwaonawo ndi a maso a munthu basi, salowa mu khodi yeniyeniyo. Mukawaona akutuluka mu sikana, dziwani kuti wosindikiza analakwitsa. M'malo mwake, mkati mwa khodi muli kachizindikiro kosaoneka kotchedwa FNC1 koyambirira kwenikweni, ndi kena kolekanitsa, kotchedwa GS, nambala 29 pa ndandanda ya ASCII, kamene kamaikidwa pomwe batchi yathera kuti makina adziwe kuti 21 yotsatirayo ndi chiyambi cha seriyo.

Kachizindikiro kameneka ndi komwe kamasokoneza ntchito m'malo ambiri. Masikana ambiri amatumiza zimene awerenga ngati kuti munthu akutayipa pa kiyibodi, ndipo ngati sanatcheredwe bwino amakameza. Pa chitsanzo chathu, kompyuta idzalemba kuti batchi ndi AB2317217K4M9P2X6T, seriyo palibe. Zilembozo zilipo 18, sizinapitirire 20, choncho pulogalamu sidzadandaula. Kabokosi kalikonse kadzalowa ngati batchi yakeyake, ndipo mudzazindikira tsiku limene mwauzidwa kubweza batchi AB2317, kompyuta n'kukuuzani kuti simunalandirepo. Onaninso kuti batchi ya m'chitsanzoyi ili ndi 17 mkati mwake. Wolemba pulogalamu amene amangosakasaka 17 kapena 21 paliponse mu mzerewo adzadula molakwika. Kuwerenga koyenera n'kuyambira kumanzere, kutenga manambala awiri, kudziwa kutalika kwa gawolo, n'kusunthira kutsogolo.

Nambala yomaliza ya GTIN ndi yotsimikizira, ndipo mukhoza kuyiyesa ndi pensulo. Tengani manambala 13 oyambawo, yambirani kumanja, chulukitsani yoyamba ndi 3, yachiwiri ndi 1, yachitatu ndi 3, mosinthanasinthana mpaka kumanzere. Phatikizani zonse. Pa 0950600013435 mupeza 78. Kuti mufike 80 pakusowa 2, ndipo 2 ndiye nambala yomaliza. Ikapanda kugwirizana, ndiye kuti wina walemba molakwika kapena GTIN ndi yopeka.

Manambala atatu otsatira nambala yoyamba amasonyeza nthambi ya GS1 imene kampani inalembetsako: 890 ndi India, 600 ndi 601 South Africa, 616 Kenya, 620 Tanzania. Samasonyeza dziko limene mankhwala anapangidwa, ndiye musakane katundu pa chifukwa chimenecho.

Kholo ndi ana ake

Mankhwala sayenda kabokosi kamodzikamodzi. Amapakidwa mu katoni, makatoni pa phaleti. Katoni yodzaza imakhala ndi GTIN yakeyake yosiyana ndi ya kabokosi, kawirikawiri yoyamba ndi nambala ya pakati pa 1 ndi 8. Pa chitsanzo chathu katoni ikhoza kukhala 19506000134359. Nambala yomaliza yasintha chifukwa masamu aja abwerezedwa. Phaleti, komanso katoni yosakaniza mankhwala osiyanasiyana, imapatsidwa SSCC, nambala ya manambala 18 yotsogoleredwa ndi 00, yomwe nthawi zambiri imasindikizidwa ngati bakhodi ya mizeremizere ya GS1-128. Malo aliwonse otumiza kapena olandira katundu amakhala ndi GLN ya manambala 13.

Ku fakitale, pamene akupakira, makina amalemba kuti timabokosi iti talowa mu katoni iti, ndipo makatoni ati akwera pa phaleti iti. Ubale umenewu wa kholo ndi ana amautcha aggregation, ndipo popanda iwo ntchito singayende. Phaleti ya makatoni 40, iliyonse ya timabokosi 120, ili ndi maseriyo 4,800. Kupanga sikani kamodzikamodzi, masekondi atatu pa kabokosi, ndi maola anayi osapuma, osawerengera kumatula ndi kumatanso makatoni. Ubalewo ukalembedwa bwino mumangopanga sikani SSCC imodzi, kompyuta n'kulandira ana onse 4,800.

Koma apa mukukhulupirira zimene simunaone. Chikhulupiriro chimenechi chimagwira ntchito pokhapokha katoni ikadali yomatidwa ndi tepi ya ku fakitale. Ikangotsegulidwa, ubale watha, ndipo kompyuta iyenera kuuzidwa nthawi yomweyo.

Zida

Sikana yakale ya leza, ija yotulutsa mzere umodzi wofiira, siwerenga DataMatrix ngakhale pang'ono. Gulani ya kamera, yolembedwa kuti 2D, ndipo ngati magetsi ndi netiweki ndi zosadalirika kwanuko, sankhani yotha kusunga zimene yawerenga n'kuzitumiza pambuyo pake pamodzi ndi nthawi yake. Foni ikhoza kuthandiza pa chipatala chaching'ono, koma pa chipata cha nkhokwe imachedwetsa.

Musanayambe kuyigwiritsa ntchito, iyeseni chonchi. Tengani timabokosi tisanu ta makampani osiyanasiyana, kamodzi kakhale ka seriyo yokhala ndi zilembo zazing'ono ndi zazikulu, kena ka khodi yoyera pa pepala lakuda ngati kalipo. Pangani sikani mu pulogalamu yeniyeni imene muzigwiritsa ntchito, kenako yerekezani chilembo ndi chilembo ndi zolembedwa pambali pa khodi. Yatsani Caps Lock n'kubwereza. Zilembo zikatembenuka, zazikulu n'kukhala zazing'ono, sinthani matcheredwe a sikana, chifukwa 7k4m ndi 7K4M ndi maseriyo awiri osiyana. Chiyankhulo cha kiyibodi mu sikana ndi mu kompyuta chikhale chimodzi; pa kiyibodi ya Chijeremani Y ndi Z zimasinthana malo. Lamulo lofufuza maseriyo m'mafamase a ku Ulaya litayamba pa 9 February 2019, machenjezo ambiri oti mankhwala ndi okayikitsa ankachokera ku zinthu zoterezi ndi ku makampani amene sanatumize maseriyo awo ku kaundula, osati kwa achinyengo.

Za Excel tichenjeze mwapadera. Imachotsa 0 woyambirira wa GTIN. Choipitsitsa n'chakuti imasunga molondola manambala 15 okha, ndiye pa SSCC ya manambala 18 atatu omalizawo amasanduka 000, ndipo fayilo ikasungidwa sabwereranso. Maphaleti osiyana amayamba kuoneka ngati phaleti imodzi. Ngati simungachitire mwina, ikani danga lonselo likhale la mawu musanalowetsemo kalikonse, ndipo musatsegule fayilo ya CSV pongoyidina kawiri.

Chotsiriza ndi ndandanda ya katundu. GTIN iliyonse ilumikizidwe ku khodi yanu ya mkati ndi kuchuluka kwake. Mankhwala amodzimodzi ochokera ku makampani atatu ali ndi ma GTIN atatu, ndipo pa ndandanda yanu onse aloze ku dzina limodzi. Amene anazolowera sitoko khadi amadziwa kale vuto la muyeso: wina akuwerenga mapiritsi, wina timapepala, wina mabokosi. GTIN ya katoni ikalembedwa ngati kabokosi kamodzi, sitoko yanu idzaperewera maulendo 120.

Kulandira katundu

Uthenga ufike galimoto isanafike. Wotumiza akutumizireni fayilo yotchula ma SSCC, makatoni ndi maseriyo onse, ndipo njira yovomerezeka padziko lonse yolembera zimenezi ndi EPCIS. Chochitika chilichonse mu EPCIS chimayankha mafunso anayi: n'chiyani, liti, kuti, ndipo chifukwa chiyani, kaya ndi kupatsidwa nambala, kupakira, kutumiza, kulandira, kupereka kwa wodwala kapena kuwononga. Fufuzani fayiloyo galimoto ikadali m'njira: GLN yolandira ndi yanu? Ma GTIN onse ali pa ndandanda yanu? Kuchuluka kukugwirizana ndi oda?

Galimoto ikafika, yang'anani loko ndi chidindo cha chitseko, kenako pangani sikani SSCC ya phaleti iliyonse pamene ikutsika, isanalowe m'kati. Katundu yense akhale kaye pamalo odikirira, asanakwere pa shelefu. Onani tepi ya katoni iliyonse. Tepi yosanjikiza, tepi yosalemba dzina pomwe makatoni anzake ali ndi yolemba dzina, chomata chokhala pamwamba pa chinzake, katoni yopepuka kusiyana ndi inzake: zonsezi zitsegulidwe, ndipo kabokosi kalikonse kapangidwe sikani.

Pa makatoni ooneka bwino, tsegulani ochepa. Ambiri m'ntchito ya mankhwala amagwiritsa ntchito masamu akuti mupeze nambala imene ikachulukitsidwa ndi yokha ikupereka chiwerengero cha makatoni, n'kuwonjezerapo 1. Pa makatoni 25 mutsegula 6, pa 100 mutsegula 11. Asankhidwe m'batchi iliyonse ndi m'malo osiyanasiyana a phaleti, osangotenga a pamwamba chifukwa ndi apafupi. Mu katoni yotsegulidwayo pangani sikani timabokosi tonse. Kamodzi kokha kakapezeka kuti si mwana wa katoniyo, musangokasiya pambali n'kupitiriza. Ngati kali muno, ndiye kuti kanasinthana ndi kena, ndipo pali katoni inanso yolakwika penapake. Wonjezerani makatoni otsegula m'batchi imeneyo.

Yerekezaninso zinthu zitatu: zimene sikana yawerenga, zimene zasindikizidwa pa kabokosi, ndi zimene zadindidwa pa kapepala ka mapiritsi kapena botolo m'kati. Batchi ndi tsiku zifanane ponseponse.

Zosagwirizana zimabwera m'mitundu ingapo, ndipo sizilemera mofanana. Katundu amene wafika koma mu fayilo mulibe, kawirikawiri ndi vuto la zolemba kwa wotumiza. Musamugawe mpaka fayilo yokonzedwa itafika. Seriyo imene ili mu fayilo koma katundu palibe ndiyo yofunika kuthamangira, chifukwa kabokosiko kali kwinakwake ndi nambala yovomerezeka, ndipo ngati kabedwa nambala yake iyenera kulembedwa kuti ndi yobedwa. Khodi yofufutika isalembedwe mongoganizira. Werengani zolembedwa pambali pake, munthu wachiwiri atsimikize, poti O ndi 0, I ndi 1, B ndi 8 zimasokoneza maso. Seriyo imene kaundula akuti inaperekedwa kale, inawonongedwa, kapena ili kale pa shelefu yanu, imeneyo ndi nkhani ina, tiyifotokoza m'munsimu.

Kanthu kena kamene anthu sakaganizira ndi wotchi. Nthawi ya ku India ili patsogolo pa ya ku Malawi ndi Zambia ndi maola atatu ndi theka. Chochitika chilichonse chilembedwe ndi chigawo cha nthawi chake, ndipo wotchi ya sikana ikhale yolondola. Sikana imene batire linatheratu ikhoza kubwerera ku tsiku lakale, kaundula n'kumaonetsa kuti munalandira katundu asanatumizidwe.

Pomwe chingwe chimadukira

Pafupifupi zosokonekera zonse za m'nkhokwe zimayamba ndi munthu wa zolinga zabwino amene watsegula katoni, watenga timabokosi titatu kuti akwaniritse oda yachangu, wamatanso tepi, osauza kompyuta. Mwezi wotsatira katoniyo ikutumizidwa ngati yathunthu. Wolandira akulembedwa kuti ali ndi timabokosi 120 pomwe ali ndi 117, ndipo titatu tija tili ku chipatala china komwe kaundula sakutidziwa. Tikadzapangidwa sikani kumeneko tidzaoneka ngati tachinyengo. Zimachitikanso ku fakitale, a labu akatenga sampulo katoni itatsekedwa kale.

Lamulo likhale limodzi: wotsegula katoni ayambe wapanga sikani chomata chake n'kusankha kumasula, kenako adule khodi ya katoniyo ndi cholembera chakuda. Katoni zotsegulidwa zikhale ndi shelefu yakeyake. Popakira oda yosakaniza, sindikizani SSCC yatsopano, pangani sikani kabokosi kalikonse pamene kakulowa, tsekani, matani. Katoni yakale mukaigwiritsanso ntchito, chotsani zomata zonse zakale, apo ayi wolandira adzapanga sikani yolakwika. SSCC yakale musaibwereze pa katundu wina.

Potulutsa, othera mphamvu msanga atsogole. Popeza tsikulo lili kale mu khodi, pulogalamu yabwino imakana kabokosi ka 2028 pomwe ka 2027 kakadalipo.

Sitika ya mtengo, chidindo cha chipatala ndi labala yomangira zisadutse pa khodi. DataMatrix imatha kuwerengeka ngakhale yakandika pang'ono pakati, koma mzere wa L uja ukaphimbika, kapena kampata koyera kozungulira khodi kakadetsedwa, imakana. Timabokosi ta katemera tikachoka mu filiji timachita thukuta, ndipo madziwo amanyezimiritsa pepala. Pukutani ndi kansalu kouma, pendeketsani sikana pang'ono, ndipo musasiye katemera panja chifukwa cholimbana ndi khodi.

Pawindo la famase

Mayiko anasankha njira zosiyana. Ku Ulaya, motsatira lamulo la 2011/62/EU, wopanga amatumiza maseriyo ku kaundula wamkulu, ndipo wa ku famase amafufuza kabokosi n'kuzimitsa nambala yake popereka kwa wodwala. Akazimitsa molakwika ali ndi masiku 10 oti abweze, pa malo omwewo. Ku United States lamulo la DSCSA la 2013 limafuna kuti wogulitsa ndi wogula azipatsirana zolemba pa malonda aliwonse, azisunge zaka 6, ndipo akatsimikiza kuti katundu ndi wachinyengo adziwitse FDA, bungwe loyang'anira mankhwala m'dzikolo, pasanathe maola 24. Dziko la Turkey, lomwe linayamba kale mu 2010, limalemba kusuntha kulikonse mu kaundula mmodzi wa boma. Wogulitsa kunja kapena woitanitsa ayenera kudziwa njira ya dziko limene akuchita nalo malonda, chifukwa fayilo yokwanira kwina ikhoza kukhala yoperewera kwina.

M'zipatala zathu muli vuto limene njira zonsezi sizilithetsa. Seriyo ili pa bokosi, koma wodwala salandira bokosi. Bokosi la LA, mankhwala a malungo, limakhala ndi timapepala 30, ndipo aliyense amapita ndi kamodzi. Chitini cha mapiritsi 1,000 chimagawidwa m'timatumba kwa anthu makumimakumi. Pamenepo seriyo yafika pamapeto, ndipo chotsala ndi batchi. Chitani izi: pangani sikani bokosi kapena chitini pa tsiku lotsegula, lembani tsikulo, lembaninso tsiku limene chatha, ndipo batchi ndi tsiku lothera mphamvu zilembedwe pa kathumba ka wodwala. Musathire mapiritsi otsala a chitini chakale mu chatsopano. Mukatero, uthenga wobweza batchi ukabwera mudzadziwa masiku amene inaperekedwa, ndipo kaundula wa odwala adzakuuzani oti muwafunefune.

Mabokosi opanda kanthu musawataye athunthu. Bokosi lenileni lokhala ndi khodi yeniyeni ndi chuma kwa wachinyengo. Ng'ambani podutsa pa khodi. N'chimodzimodzi ndi zithunzi: kujambula kabokosi khodi ikuoneka bwino n'kutumiza pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook ndi kugawa seriyo kwa aliyense.

Nambala ikakayikitsa

Yambani ndi kudzikayikira nokha. Bwerezani ndi sikana ina, yerekezani ndi zolembedwa, funsani ngati mnzanu sanapange kale sikani kabokosi komweko mphindi zapitazo. Zikapitirira, chotsani kabokosiko ndi tinzake tonse ta batchi imeneyo, muike pamalo okhoma olembedwa kuti asagawidwe, ndipo mu kompyuta mutsekenso. Jambulani mbali zonse, kuphatikizapo chomatira cha pakamwa pa bokosi. Lembani amene anakugulitsani, tsiku, ndi nambala ya invoisi. Funsani wopanga mwiniwake ngati GTIN, seriyo, batchi ndi tsikulo zinatuluka limodzi ku fakitale yake, pogwiritsa ntchito adiresi imene mukuidziwa kale, osati yosindikizidwa pa bokosi lokayikitsalo. Dziwitsani bungwe loyang'anira mankhwala: ku Malawi ndi PMRA, ku Zambia ndi ZAMRA. Katunduyo musamubwezere kwa wogulitsa mwakachetechete, chifukwa akangogulitsidwa kwa wina, umboni n'kutayika.

Bungwe la WHO linanena mu 2017 kuti m'mayiko osauka ndi apakatikati, pa mankhwala 10 aliwonse amodzi amakhala achinyengo kapena osafika pa mlingo. Mawu awiriwa asasokonezedwe, poti seriyo imathandiza kwambiri pa oyambawo. Mankhwala opangidwa moipa ndi fakitale yeniyeni amakhala ndi khodi yabwinobwino. Mankhwala a chifuwa a madzi amene WHO inachenjeza za iwo mu October 2022, ana pafupifupi 70 atamwalira ku Gambia, anali ndi poizoni wa diethylene glycol ndi ethylene glycol m'kati, ndipo palibe sikana imene ikanaona zimenezo. Pa nkhani yotere phindu la kalondolondo ndi liwiro lopezera botolo lililonse.

Liwirolo liyeseni ngozi isanagwe. Kawiri pa chaka sankhani batchi imodzi imene munalandira miyezi ingapo yapitayo, osachenjeza anthu, n'kuyamba kuwerenga nthawi. Zimene munalandira zifanane ndi zimene zili pa shelefu, kuphatikiza zotumizidwa, zobwezedwa ndi zowonongedwa. Imbirani malo awiri kapena atatu mwa amene kompyuta ikuti analandira, akuwerengereni maseriyo ochepa a pa shelefu yawo. Pomwe masamu akana kugwirizana, pitani mukaone mmene anthu amagwirira ntchito pamalopo.

Kwa osindikiza okha makhodi

Opanga mankhwala ndi opakiranso ali ndi zina zowonjezera. Maseriyo asakhale otsatana monga 0001, 0002, chifukwa wogula kabokosi kamodzi adzadziwa ena onse. Lamulo la ku Ulaya limafuna kuti mwayi wolota seriyo molondola uchepere pa umodzi mwa 10,000. Chotsani zilembo zosokoneza maso zija pa zimene makina amasankhamo. Ikani magawo a kutalika kokhazikika, 01 ndi 17, patsogolo, batchi ndi seriyo pambuyo, kuti zolekanitsa zichepe ndipo khodi ikhale yaing'ono. Kadontho kamodzi kasachepere 0.254 mm, ndipo kuzungulira khodi kukhale kampata kosachepera kadontho kamodzi. Pa pepala lonyezimira siyani malo opanda vanishi, apo ayi inki imafufutika timabokosi tikakhudzana.

Kuwerengeka pa sikana yanu si umboni wa kusindikiza bwino. Ubwino wa khodi umayezedwa ndi makina akeake motsatira ISO/IEC 15415, ndipo giredi yochepetsetsa yovomerezeka ndi 1.5. Khodi yotuluka ku fakitale ili pa malire penipeni idzakana kuwerengeka ikayenda miyezi m'sitima ndi m'magalimoto, choncho yesetsani kukhala pamwamba pake.

Batchi ikatha kupakidwa, maseriyo amene munapereka ku makina afanane ndi timabokosi tabwino, kuphatikiza tokanidwa ndi kamera, masampulo, ndi manambala osagwiritsidwa ntchito. Kabokosi kokanidwa kazimitsidwe mu kompyuta kasanang'ambidwe, ndipo bini ya zokanidwa ikhale yokhoma kuti wina asabwezere kabokosi pa lamba poganiza kuti kali bwino. Fayilo ya maseriyo itumizidwe kwa wogula kapena ku kaundula katundu asanakwere galimoto, ndipo wotumizayo adikire uthenga wotsimikiza kuti yalandiridwa yonse popanda mzere wokanidwa.